Momwe mungayambitsire malo a zaluso ndi misonkhano m'dera lanu

M'madera ambiri muli gulu la zisudzo lomwe limakonzekera pansi pa mtengo, anyamata oimba omwe alibe posungira ng'oma, ndi amayi a banki m'khonde omwe amasinthasintha makonde mlungu uliwonse. Onsewa akusowa chipinda chokhala ndi denga, chitseko ndi munthu wodalirika wosunga kiyi. Anthu ongodzipereka angathe kuyendetsa malo otere bwinobwino, bola atsate ndondomeko.

1. Yambani ndi anthu, njerwa zidikire

Ambiri amathamangira kuumba njerwa. Musatero. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, chikondwerero cha Tumaini chinayamba mu 2014 m'kati mwa msasa wa anthu othawa kwawo, pabwalo chabe, woyambitsa wake ali mlakatuli wochokera ku Congo, Menes la Plume. Holo kunalibe, koma oimba, ovina ndi oonerera analipo. Pomwe ku Blantyre, nyumba yomwe inali French Cultural Centre, eni ake atachokamo mu 2011, inaonongedwa ndi akuba ngakhale inali ndi steji yabwino.

Ndiye lembani kaye magulu omwe alipo kale: a zisudzo, a ndakatulo, kwaya, a beni kapena chimtali, osema ziboliboli, a sukulu ya kwacha. Mukapeza magulu atatu kapena anayi ovomera kubwera mlungu ndi mlungu, mwayamba.

2. Kaonekereni kwa amfumu

Pitani kwa nyakwawa ndi ku komiti ya chitukuko ya VDC musanalengeze chilichonse. Ngati muli m'tauni, onanani ndi mfumu ya m'deralo komanso khansala. Mfumu ikamva za malo anu kuchokera kwa ana a mumsewu, tsiku la chionetsero choyamba mudzauona.

3. Bwerekani chipinda

Kalasi ya pulayimale ana akaweruka, holo ya tchalitchi pakati pa mlungu, golosale yomwe inatsekedwa, zonsezi zimakwana. Gwirizanani polemba: masiku ati, maola ati, wolipira magetsi ndani, ndipo galasi la zenera likasweka akonze ndani. Mgwirizano wapakamwa umatha tsiku lomwe mphunzitsi wamkulu wasamutsidwa.

4. Komiti, ndalama ndi makiyi

Apa ndi pomwe malo ambiri amafera, choncho tichedwepo. Sankhani wapampando, mlembi, msungichuma ndi mamembala ena ochepa, amayi ndi achinyamata akhalemo ndithu. Malamulo anu akwane pa masamba awiri, m'Chichewa, ndipo anene nthawi yomwe munthu angakhale pa udindo. Woyambitsa gulu nayenso malamulowo amukhudze, chifukwa "ndinayambitsa ndine" wapasula magulu ochuluka.

Msungichuma asakhale mkazi, mwamuna kapena m'bale wa wapampando. Ndalama zisagone m'nyumba ya munthu. Tsegulani akaunti ku banki yoti potapa ndalama pazisainira anthu awiri mwa atatu. Ngati mukulandira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, nambalayo ikhale ya gulu, osati foni ya wapampando yomwe amaguliranso mayunitsi a magetsi a kunyumba kwake. Gulani buku la malisiti, ndipo kutha kwa mwezi uliwonse mlembi amate pakhoma pepala loonetsa zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Anthu akamawerenga okha, mphekesera zimachepa.

Katundu alembedwe m'kope: mabenchi angati, ng'oma zingati, zokuzira mawu zili ndi ndani. Wobwereka asaine. Mudzabwereketsa mabenchi pa maliro, ndipo ndi bwino kutero, koma alembedwebe, poti pa maliro m'pamene mabenchi amasokera. Makiyi akhale awiri okha.

5. Lembetsani gulu

Kagulu ka m'dera kamalembetsedwa ngati CBO (bungwe laling'ono la anthu a m'dera) ku khonsolo ya boma lanu, kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Tengani malamulo anu, maina a komiti ndi kalata ya amfumu. Za kulembetsa ngati bungwe lalikulu ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, mudzaziganizire mukakula.

Mukafuna kuchita chionetsero cholipiritsa pakhomo, kumbukirani kuti chilolezo cha zisangalalo chimachokera ku Censorship Board, nthambi ya boma younika zisangalalo, ndipo kuseweretsa nyimbo za ena pagulu kumafuna chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso. Dziwitsaninso apolisi a m'dera lanu.

6. Dzazani kalendala

Holo yotsegulidwa Loweruka lokha imasanduka nyumba ya mileme. M'mawa muzikhala ana a mkombaphala, masana amayi a banki m'khonde kapena osoka, madzulo a zisudzo ndi oimba, pakhonde akuluakulu azisewera bawo. Ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 amasowa powerengera usiku, ndipo nyale ziwiri za sola zingawathandize kwambiri. Makolo akaona phindu limeneli, nawonso amayamba kuteteza malowo.

Aphunzitsi a luso musawafunire kutali. Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 ndi osema a m'midzi yozungulira, ndipo lero ntchito zawo zimadziwika ndi kunja komwe. Pokhapokha pa gule wamkulu samalani: si gule woitana ngati kwaya, ali ndi eni ake, ndipo njira yake imadzera kwa amfumu.

7. Pezani ndalama zoyendetsera, osagulitsa malowo

Chinkhoswe, ukwati ndi misonkhano ya mabungwe zingalipire lendi ndi magetsi. Ikani mtengo umodzi wodziwika kwa aliyense. Andale adzabwera ndi lonjezo la malata, makamaka chisankho chikayandikira. Mphatso landirani pamaso pa komiti yonse, koma khoma lisapakidwe utoto wa chipani, chifukwa theka la mudzi lidzasiya kubwera.

Ongodziperekawo musawatopetse. Munthu mmodzi asapitirire masiku awiri pa mlungu, ndipo mayina a osesa, otsegula ndi otseka azisinthana pa ndandanda yomatidwa pachitseko. Kuyambira Disembala mpaka Marichi anthu amakhala kumunda, choncho chepetsani zochitika, ndipo zionetsero zikuluzikulu muziike pambuyo pokolola, pamene anthu ali ndi kangachepe m'thumba.