Momwe mungamangire kompyuta ya magemu m'kabokosi kakang'ono, osaiphetsa ndi kutentha kwa Lusaka

Mphwanga amachita lendi chipinda chimodzi ku Kalingalinga, kufupi ndi UNZA. M'chipindamo muli bedi, katebulo kowerengerapo, sutikesi pansi pa bedi ndi ndowa ya madzi pakona. Atandiuza kuti akufuna kompyuta yosewerera magemu, ndinangoyang'ana katebulo kaja n'kudziwa kuti chibokosi chachikulu ngati cha mu ofesi sichingakhalepo. Komanso tchuthi chikafika amakwera basi pa Intercity kupita kwa makolo ku Chipata, ndipo kompyutayo amafuna izipita naye. Tinamanga yaing'ono, yolowa m'chikwama cha paulendo. Ndalemba pano njira imene tinatsata, kuti nanunso muthe kutero popanda kutaya ndalama pa zipangizo zosakwanirana.

Chida choyamba pa ntchitoyi ndi tepi yoyezera. M'bokosi lalikulu mumatha kugula zinthu mwachisawawa, zonse n'kulowa. M'laling'ono, mamilimita asanu okha amalepheretsa chitseko kutsekeka.

Yambani ndi graphics card, bokosi libwere pambuyo

Ambiri amayamba kukopeka ndi bokosi lokongola pa intaneti, n'kulipira, kenako n'kumasakasaka zoikamo. Chitani mosemphanitsa. Graphics card, khadi imene imatulutsa zithunzi pa sikirini, ndiyo imadya ndalama zambiri, ndiyo yaikulu kuposa zipangizo zonse, ndiponso ndiyo imatulutsa kutentha kochuluka. Sankhani iyo kaye, pitani pa tsamba la kampani imene inaipanga, ndipo mulembe papepala manambala atatu: kutalika, kutambalala ndi kunenepa kwake.

Kunenepako n'kumene anthu amaiwala. Makadi awiri akhoza kukhala ndi dzina limodzi, mwachitsanzo onse RTX 4060, koma wina wa mafani awiri n'kukhala wamfupi, wina wa mafani atatu n'kukhala wautali ndi wonenepa. Dzina lokha silikukwanirani. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa munthu pa Facebook, pitani ndi tepi yanu mukayeze nokha, ndipo muione ikugwira ntchito musanapereke ndalama. Yezaninso malo a chingwe cha magetsi chimene chimalowa pamwamba pa khadiyo. Makadi atsopano amphamvu a Nvidia ali ndi pulagi ya mapini 16 imene safuna kuti chingwe chake chipindidwe pafupi ndi polowera, choncho pamafunika kampata koonjezera.

Kwa ife kuno, ndimalimbikitsa zipangizo zosadya magetsi ambiri. RTX 4060 imadya mawati 115, RX 7600 imadya 165, pamene makadi akuluakulu amapitirira 300. Purosesa (ubongo wa kompyuta) ngati Ryzen 5 5600 kapena Ryzen 5 7600 anaiwerengera mawati 65. Magetsi onse amene kompyuta imadya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumayenera kutuluka m'kabokosi kothinana. Amene analemba ndemanga pa intaneti ali m'chipinda chozizira cha ku Ulaya sanagonepo m'nyumba ya malata mu Okutobala, pamene kunja kwapitirira madigiri 30 ndipo m'nyumba muli ngati mu uvuni. Ubwino wina ndi wakuti malaiti akapita, kompyuta yodya pang'ono imakhalitsa pa inveta.

Kusankha bokosi

Kukula kwa mabokosiwa amayeza m'malita, ndipo ambiri amati bokosi ndi laling'ono likakhala pansi pa malita 20. Pafupifupi onse amafuna motherboard (bolodi lolumikizapo zipangizo zonse) ya mtundu wa Mini-ITX, imene ndi mamilimita 170 mbali zonse. Kampani ya VIA ndiyo inayambitsa muyeso umenewu mu 2001. Motherboard yotere ili ndi malo amodzi okha a graphics card ndipo kawirikawiri malo awiri a RAM (mosungira kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira), ndiye gulani RAM yokwanira kuyambira pachiyambi, timitengo tiwiri tofanana. Dziwaninso kuti Mini-ITX imakonda kudula kuposa motherboard yaikulu ya mphamvu zofanana.

Mkati mwa mabokosiwa muli makonzedwe awiri. Oyamba ndi achizolowezi: motherboard imaima cha kumbali, khadi n'kulowa mwachindunji pamalo pake, chopingasa cha pansi. Chitsanzo chodziwika ndi Cooler Master NR200, imene inatuluka mu 2020. Ndi ya malita pafupifupi 18, imalandira khadi lotalika mpaka mamilimita 330 ndi choziziritsira purosesa chotalika mpaka 155. Makonzedwe achiwiri ndi aja amawatcha sandwich: motherboard mbali ino, khadi mbali inayo, zitafulatirana, pakati pali chitsulo, ndipo zimalumikizana ndi chingwe chophwatalala chotchedwa riser. Fractal Design Terra, ya malita 10.4, ndi yotere. Imalandira khadi mpaka mamilimita 322, ndipo chitsulo chapakaticho chimasuntha, moti malo a choziziritsira amakhala pakati pa mamilimita 48 ndi 77. Mukapatsa khadi malo ambiri, choziziritsira chimachepekedwa. Mukakomera choziziritsira, khadi lonenepa sililowa. Lian Li A4-H2O, ya malita 11, nayonso ndi sandwich, koma anaipangira choziziritsira cha madzi cha mamilimita 240 chokhala pamwamba.

Ngati aka n'koyamba kumanga kompyuta, tengani la makonzedwe achizolowezi. Ndikunena izi mosapita m'mbali. Terra ndi yokongola kwambiri, kutsogolo kwake kuli thabwa, ndipo ndikumvetsa munthu akamaisirira. Koma malita 18 amakupatsani malo olowetsa dzanja, malo a mafani pamwamba ndi pansi, ndi mwayi woika choziziritsira chachitali chimene chimagwira ntchito mwakachetechete. Bokosi lotere ndi limene tinasankha ndi mphwanga. Ndipo pakati pa chitseko cha galasi ndi cha timabowo, tengani cha timabowo. Galasi limaonetsa nyali zokongola za mkati, koma limatsekereza mpweya.

M'masitolo a m'tauni mudzapeza kwambiri mabokosi akuluakulu, choncho mwina mudzafunika kuitanitsa kuchokera kunja, monga ku South Africa kapena ku China. Musanalipire, funsani wobweretsa katunduyo mtengo wonse, kuphatikizapo msonkho wa ZRA. Makampani onyamula katundu amawerengera kukula kwa katoni, osati kulemera kokha, ndiye bokosi lopepuka likhoza kukudabwitsani pa mtengo wonyamulira.

Power supply ndi choziziritsira

Mabokosi ang'onoang'ono ambiri amafuna power supply (chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta) ya mtundu wa SFX, ya mamilimita 125 m'lifupi, 63.5 m'mwamba ndi 100 m'litali. Palinso SFX-L imene imatalika mpaka 130, ndipo mamilimita 30 owonjezerawo amatha kulanda malo a zingwe kapena a khadi. Yaikulu ya mtundu wa ATX imene muli nayo m'kompyuta yakale nthawi zambiri silowa. Sankhani ya zingwe zochotseka, kuti muzingolumikiza zimene mukufuna. Apa musaumire ndalama. Power supply yopanda dzina ikapsa, nthawi zina imapita ndi motherboard ndi khadi lomwe.

Pa choziziritsira, yerekezani kutalika kwake ndi malire a bokosi. Noctua NH-L9 ndi ya mamilimita 37, Thermalright AXP90-X47 ndi ya 47, Noctua NH-L12S ndi ya 70. Zing'onozing'onozi n'zokwanira pa purosesa ya mawati 65, koma musazisenzetse purosesa yaikulu. Onaninso kutalika kwa RAM, chifukwa ija ya nyali ndi zipewa zazitali imagundana ndi choziziritsira chofalikira m'mbali.

Kulumikiza

Yalani zonse patebulo loyera, masana kukuwala. Pezani screwdriver ya mtanda yaitali, yokhala ndi maginito kunsonga, ndi kambale koikamo tizitsulo tomangira, chifukwa kamodzi kakagwera pansi pa bedi mutaya theka la ola. Gwirani chitsulo cha bokosi kaye musanakhudze zipangizo.

Ikani motherboard pamwamba pa katoni yake, kunja kwa bokosi. Lowetsani purosesa motsatira kachizindikiro ka makona atatu kamene kali pakona, osakanikiza. Lowetsani RAM mpaka imveke kuti "thwa". Ikani SSD (mosungira mafayilo ndi magemu) ya mtundu wa M.2. Motherboard zambiri za Mini-ITX zili ndi malo ena a M.2 kumsana, ndipo ngati mukufuna kuwagwiritsa ntchito, nthawi yake ndi inoyi. Kenako choziziritsira: matulani kapulasitiki kamene kamakhala pansi pake, donthezani thermal paste (phala lothandiza kutentha kudutsa kupita ku choziziritsira) yofanana ndi njere ya nandolo pakati pa purosesa ngati sanapakiretu, ndipo mangani pang'onopang'ono mosinthanitsa makona.

Musanalowetse chilichonse m'bokosi, yesani. Lumikizani power supply, khadi ndi sikirini pomwepo patebulo, n'kuyatsa pokhudzitsa nsonga ya screwdriver pa mapini awiri a batani loyatsira. Buku la motherboard limaonetsa pamene ali. Chithunzi chikatuluka, mtima ukhale pansi. Motherboard zogwiritsa ntchito RAM ya mtundu wa DDR5 zimatha kutenga mphindi zingapo poyaka koyamba, musafulumire kuzimitsa. Mukadumpha sitepe imeneyi, n'kudzapeza vuto mutamanga kale zonse, mudzamasula chilichonse.

Tsopano pulumutsani nthawi ndi nzeru iyi: chingwe cha mapini 8 chopita ku purosesa, ndi tizingwe ta mafani, lumikizani ku motherboard isanalowe m'bokosi. Polowera pake pali pakona yam'mwamba, ndipo motherboard ikamangidwa, choziziritsira mbali ino, denga la bokosi mbali inayo, chala sichifikapo. Ife tinaiwala. Mphwanga, amene zala zake n'zowonda kuposa zanga, anayesa kwa nthawi ndithu atawunikira ndi tochi ya foni, mpaka tinavomereza n'kumasula motherboard yonse.

Chotsani zitseko zonse za bokosi zimene zimachoka. Ikani kachitsulo ka kumbuyo kwa motherboard ngati kamabwera pakokha, mangani motherboard, lumikizani tizingwe ta batani loyatsira, USB ndi mahedifoni. Kenako power supply, fani yake itayang'ana ku timabowo ta kunja kuti izikoka mpweya wozizira. Sonkhanitsani zingwe, muzimange ndi timalamba tapulasitiki, muzikankhire kumene kulibe fani. Kachingwe kamodzi kolendewera kakakhudza fani, mudzamva "tete-tete-tete" usiku wonse.

Khadi lilowe pomaliza. Ngati bokosi lanu lili ndi riser, onani m'badwo wake, ndiye kuti nambala yake ya PCIe. Riser ya PCIe 3.0 ikakhala pakati pa motherboard ndi khadi za PCIe 4.0, sikirini imatha kungokhala yakuda. Mankhwala ake ndi kulowa mu BIOS (tsamba la makonzedwe a motherboard limene mumalowa poyatsa kompyuta), khadi litalumikizidwa mwachindunji mukadali patebulo paja, n'kusankha Gen 3 pa malo a khadiwo. Chingwe cha sikirini chilowe ku khadi, osati ku motherboard.

Mpweya wotentha umakwera, ndiye musalimbane nawo: mafani a pansi azikokera mkati, a pamwamba azitulutsa. Fani imakankhira mpweya ku mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota yake. Ngati khadi ndi lonenepa, pansi pake pamangokwana mafani owonda a mamilimita 15 m'malo mwa a 25.

Mukayatsa

Lowani mu BIOS, muyatse XMP kapena EXPO kuti RAM iyende pa liwiro limene munalipira. Ikani Windows ndi madiraiva a khadi, kenako pulogalamu yaulere ya HWiNFO yoonetsa kutentha kwa zipangizo. Tsekani zitseko zonse, sewerani kwa ola lathunthu masana kukutentha, ndipo muone manambala. Mapurosesa ambiri a Ryzen 7000 ali ndi malire a madigiri 95 ndipo akafika pamenepo amadzichepetsera liwiro okha. Ngati yanu ikukhala pamalirepo pa gemu wamba, zimitsani, muone ngati choziziritsira chakhala bwino komanso ngati kapulasitiki kaja munakachotsadi. Ngati zonse zili bwino koma kutentha kukadali kokwera, chepetsani malire a magetsi a purosesa mu BIOS. M'magemu ambiri simudzaona kusiyana, koma mafani adzatonthola.

Za magetsi musaziike pambali. Tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankapita kwa maola ambiri patsiku. Choopsa kwambiri pa kompyuta ndi nthawi imene magetsi akubwerera, ndiponso ziphaliwali za m'nyengo ya mvula. Gulani choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo ngati thumba likulola, UPS (batire yosunga magetsi malaiti akapita) ya mtundu wa pure sine wave, imene imagwirizana bwino ndi ma power supply amakono. Malaiti akapita kapena kukayamba kugunda, zulani pulagi kukhoma.

Chatsala ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo ya Lusaka imalowetsa fumbi ngakhale mawindo ali otseka, ndipo bokosi la timabowo limapuma fumbi lomwelo. Musaliike pansi, likhale patebulo, ndi mpata wa chikhatho chimodzi kuchokera kukhoma. Mwezi uliwonse m'chilimwe zimitsani, zulani pulagi, tulutsani panja, ndipo mupemerere ndi blower kapena kupukuta ndi kaburashi kofewa. Popemerera, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso.

Pa ulendo wa basi, kompyutayo isapite kubuti pamodzi ndi matumba a ufa. Ikulungeni ndi bulangeti, muiike m'chikwama, ikhale pamiyendo panu. Ngati khadi ndi lolemera, lichotseni muliike m'katoni yake, chifukwa kugwedezeka kwa msewu wa Great East kumatha kuthyola malo amene limalowera pa motherboard. Mukafika, kanikizaninso RAM ndi zingwe zonse musanayatse.