Kujambula Maloto: Mmene Mungapangire Zithunzi Zosakaniza Kamera, Ulusi ndi Dothi

Ojambula zithunzi ambiri kuno ku Kasungu amadyera maukwati, zinkhoswe ndi zithunzi za ziphaso, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo chifukwa ndi ntchito imene imagula ufa ndi kulipira lendi. Komabe achinyamata angapo akhala akundifunsa za mtundu wina wa zithunzi umene amauona pa intaneti, pomwe munthu amaoneka atagona m'malere kapena nkhope yake itasanduka munda, ndipo pamwamba pa chithunzicho pali ulusi wosokedwa ndi manja, utoto kapena dothi. Zimenezi ndi zithunzi zonga maloto zosakaniza zipangizo, ndipo pano ndifotokoza mmene ndimagwirira ntchitoyi kuyambira pa ganizo mpaka pofika kwa wogula.

Choyamba chotsani maganizo oti luso limeneli ndi la anthu okhala ndi kompyuta yodula. Gulu la Surrealism lidakhazikika ku Paris m'chaka cha 1924, pomwe André Breton adalemba chikalata cholimbikitsa aluso kuti azitenga maloto ngati gwero la ntchito yawo. Man Ray ankaika tizinthu pamwamba pa pepala la zithunzi m'chipinda chamdima n'kuyatsa getsi kwa kanthawi, chithunzi n'kutuluka popanda kamera. Dora Maar ankadula ndi kumata zithunzi, ndipo Jerry Uelsmann wa ku America ankaphatikiza mafilimu angapo pa pepala limodzi zaka zambiri Photoshop isanatuluke mu 1990. Kuno ku Africa, Joana Choumali wa ku Côte d'Ivoire adajambula ndi foni, n'kusoka ulusi pamwamba pa zithunzizo, ndipo ntchito imeneyo idamupatsa mphoto ya Prix Pictet mu 2019. Foni, singano ndi ulusi zonse zimapezeka pa msika wa pa Kasungu boma.

Ntchito imayambira mu kope, osati mu kamera. Muziika kope ndi cholembera pafupi ndi pogona, ndipo mukadzuka lembani zomwe mwalota musanalankhule ndi munthu, chifukwa loto limathawa msanga kuposa mame. Pa zonse mwalembazo sankhani chinthu chimodzi chokha chosatheka, ndipo zina zonse m'chithunzimo zikhale zoona monga mmene diso limazionera tsiku ndi tsiku. Apa ndi pomwe oyamba kumene amalakwitsa kwambiri: amaika mwezi, nsomba zouluka, moto, wotchi ndi mapiko pa chithunzi chimodzi, woonera n'kusowa poika diso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Munthu amadabwa ndi chinthu chachilendo pokhapokha chikakhala pakati pa zinthu zomwe amazidziwa bwino.

Ndipereke chitsanzo cha chithunzi chimene ndidachipanga ndekha. Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti fodya akapachikidwa m'chigafa, mlimi amagona komweko kuopa akuba, ndipo tulo take timakhala topepuka chifukwa maganizo ali pa mtengo umene akaupeze ku Chinkhoma. Ndidafuna kuonetsa mlimi atagona pa mphasa yomwe yayandama pakati pa nthaka ndi masamba a fodya olendewera pa mikangala, ngati kuti nayenso wapachikidwa pamodzi ndi fodya wakeyo kudikira kuti aume. Chosatheka chidali chimodzi, mphasa yoyandama. Chigafa, fodya, bulangete lakale ndi ming'alu ya kuzidendene zidali zenizeni. Ndisanatenge kamera ndidajambula ganizoli ndi pensulo katatu, mpaka nditadziwa pomwe kuwala kudzalowere ndi pomwe mthunzi udzagwere.

Pali nkhani ina imene mabuku akunja sangakuuzeni, ndipo ndiyaikulu kuposa ya zida. Kwathu kuno munthu wooneka akuuluka samuona ngati wolota ayi, ena amamuona ngati mfiti, ndipo chithunzi chikafika pa WhatsApp chimayenda chokha popanda mawu anu ofotokozera. Mukhoza kuika gogo wosalakwa pa mavuto aakulu chifukwa cha luso lanu. Choncho muonetseni munthuyo zomwe mwajambula mu kope, mumufotokozere momveka bwino kuti chithunzi chomaliza chidzaoneka bwanji ndi komwe chidzaonetsedwe, ndipo avomere polemba ndi kusaina. Ine ndidawapempha bambo amene ndidawajambula m'chigafa muja kuti afunde bulangete mpaka kumutu, n'kuonetsa mapazi okha. Lichero musaliyandamitse n'komwe ndi munthu m'katimo, pokhapokha ngati mukufunadi kukamba za zikhulupiriro zimenezo ndipo wojambulidwayo ndinu mwini. Chimodzimodzinso Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2005: zilombo si zovala zongobwereka kuti chithunzi chioneke chodabwitsa, ndipo simungazijambule ndi kuzisintha maonekedwe musanagwade kwa mfumu ndi akuluakulu a kudambwe.

Tsiku lojambula, lamulo ndi lakuti kamera isasunthe ngakhale pang'ono. Ngati mulibe tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, mangani foni pa mpando ndi malegeni kapena itsamiritseni pa njerwa. Mukufunika zithunzi ziwiri za malo amodzi. Choyamba chikhale ndi munthu atagona pa mphasa yoyalidwa pa benchi, ndipo m'mphepete mwa mphasayo mulendewere pang'ono kuti ioneke yopanda chochirikiza. Chachiwiri chikhale cha malo omwewo mutachotsa munthu, mphasa ndi benchi. Musanajambule choyamba, dinikizani chala pa sikirini ya foni pomwe pali munthuyo mpaka foni itseke kuwala ndi pomwe ikulunjika, apo ayi idzasintha yokha pa chithunzi chachiwiri ndipo ziwirizo sizidzagwirizana. Gwiritsani ntchito timer kuti dzanja lanu lisagwedeze foni, ndipo musachedwe pakati pa zithunzi ziwirizi popeza dzuwa siliima.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa litangotuluka kapena madzulo likupendeka, pomwe mithunzi imakhala yaitali ndipo njira yake imaoneka bwino. Dzuwa la masana m'mwezi wa Okutobala limayeretsa chilichonse n'kusiya mdima wandiweyani m'maso mwa munthu. Masiku a mitambo a mu Juni ndi Julayi ndi abwino kwa wophunzira chifukwa kuwala kumakhala kofewa ndipo zolakwa zimabisika. Ngati mukuphatikiza zinthu zojambulidwa malo osiyana, mwachitsanzo phiri la Kasungu ndi dzanja la munthu, onetsetsani kuti kuwala kukuchokera mbali imodzi ndiponso kuti kamera idali pa msinkhu wofanana. Chithunzi changa choyamba cha mtundu uwu ndidachikonza masiku anayi, koma mwana wa mlongo wanga atangochiona adafunsa kuti, "Amalume, bwanji mtengo uli ndi mthunzi uku, munthu uku?" Dzuwa lidali kumanzere pa mtengo ndi kumanja pa munthu, ndipo ine amene ndidali nditachiyang'ana masiku onsewo sindidaone.

Pophatikiza, pulogalamu ya GIMP ndi yaulere pa kompyuta, ndipo pa foni Snapseed ili ndi chida cha Double Exposure chomwe chimalola kusanjikiza zithunzi ziwiri n'kusankha ndi chala pomwe chilichonse chionekere. Ikani chithunzi cha malo opanda kanthu pansi, cha munthu pamwamba, kenako bisani benchi pogwiritsa ntchito mask, chida chophimba mbali ina ya chithunzi, m'malo mofufutiratu, chifukwa chobisika mukhoza kuchibweza mukalakwitsa. Kulitsani chithunzi kwambiri poyeretsa m'mphepete mwa mphasa. Pomaliza bwezerani mthunzi wofewa pansi pa chinthu choyandamacho, wopepuka ndi wosalongosoka m'mbali, popeza mthunzi umenewo ndi umene umauza diso kutalika kwa mphasa kuchokera pansi. Muzisunga ntchito pafupipafupi poti magetsi sachenjeza akamathima.

Kusindikiza kumafuna kuwerengera. Kuti chithunzi chituluke chosalala pamafunika madontho 300 pa inchi iliyonse, kutanthauza mapikiselo 2480 ndi 3508 pa pepala la A4, kapena 3508 ndi 4961 pa A3. WhatsApp ndi Facebook zimachepetsa zithunzi, choncho pitani nacho pa flash kapena chitumizeni ngati document. Pemphani pepala losanyezimira, chifukwa lonyezimira limakana utoto wamadzi ndi pensulo. Funsaninso mtundu wa pulinta: inki yambiri ya inkjet imasungunuka ikakhudzidwa ndi madzi kapena guluu, pomwe ya laser, yonga ya fotokope, siisuntha. Sindikizani makope atatu, awiri akhale ophunzirirapo.

Tsopano tafika pa gawo limene ine ndimalikonda, pomwe chithunzi chimasiya kukhala cha makina n'kukhala cha manja. Posoka, musalase pepala ndi singano ya ulusi mwachindunji. Ligonekeni pa katoni yofewa, boolani timabowo tonse kaye ndi singano yopanda ulusi motsatira mzere womwe mwaulemba kumbuyo, ndipo timabowoto titalikirane pafupifupi theka la sentimita kuti pepala lisang'ambike pakati pake. Mukatero ulusi umangodutsa mosavuta. Musaukoke kwambiri, pepala limakwinyika, ndipo kumbuyo musamange mfundo koma matani nsonga ndi kapepala. Pa chithunzi cha m'chigafa ndidasoka mizere yofiira kuchokera pa mikangala kutsikira pa ngodya zinayi za mphasa, monga momwe timasokera fodya, ndipo ulusi umenewo ndi umene udamaliza kunena zomwe kamera idangoziyamba.

Dothi nalo ndi utoto wabwino. Tengani katondo wouma, musinjeni, mumusefe ndi kansalu kopyapyala mpaka akhale ngati ufa woyera, kenako musakanize ndi guluu woyera wa akalipentala wothiridwa madzi pang'ono. Akauma amagwira zolimba ndipo amasiya khungu lokhakhala lomwe palibe pulinta ingalitulutse. Makande amapereka mtundu wakuda motuwira, makala osinja amapereka wakuda bii, ndipo phulusa limapereka wotuwa. Pakani mopyapyala ndipo mudikire kuti paume musanaonjezere, apo ayi pepala limapindika. Masamba enieni a fodya kapena a chimanga amaoneka bwino sabata yoyamba, koma amafumbutuka ndi kusintha mtundu, motero ine ndimakonda kuwajambula n'kumata chithunzi chake chodulidwa ndi lezala. Nsanza za chitenje zilibe vuto limenelo.

Mukhozanso kusamutsira chithunzi pa thabwa. Chisindikizeni pa laser chitatembenuzidwa ngati pa galasi, pakani guluu woyera pa thabwa losalala, gonekani chithunzicho chafufumimba, salazani kuti mpweya utuluke, ndipo muchisiye chigone usiku wonse. Mawa lake nyowetsani pepala ndi kulipukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala mpaka litachoka ngati litsiro la m'thupi, inki n'kutsalira pa thabwa. Madzi akachuluka guluu amafewa ndipo chithunzi chimachoka nacho, choncho kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo ena adzakhulika ndithu, koma zipsera zimenezo zimagwirizana ndi maloto, amene nawonso sakumbukika athunthu.

Chithunzi chimodzi chokongola sichipanga dzina la munthu. Oyendetsa zionetsero amafuna kuona gulu la zithunzi khumi kapena kuposerapo zokamba nkhani imodzi ndi maonekedwe ofanana, pamodzi ndi ndime yaifupi yofotokoza chimene chikukuvutitsani mumtima ndi chifukwa chimene mwasankhira ulusi kapena dothi. Lembani ndimeyo m'mawu anu enieni, m'Chichewa kaye, kenako muimasulire. Zionetsero zazikulu za zithunzi mu Africa, monga Rencontres de Bamako ku Mali yomwe idayamba mu 1994 ndi Addis Foto Fest yomwe Aïda Muluneh adaiyambitsa ku Ethiopia mu 2010, ndi malo oyenera kumawatsatira kuti muone zomwe anzanu akuchita ndi kudziwa nthawi yomwe ayitanitsa ntchito. Musanafike kumeneko, khoma la holo ya sukulu kapena la tchalitchi kwanu komweko likuphunzitsani zambiri, chifukwa oonera akumudzi sabisa mawu.

Pa malonda, siyanitsani zinthu ziwiri. Chithunzi chosokedwa kapena chopakidwa dothi ndi chimodzi chokha pa dziko lonse, ndipo mtengo wake uwerengere zipangizo, ulendo ndi masiku onse omwe mwakhalira pansi. Makope osindikizidwa kuchokera pa chimenecho akhale ndi chiwerengero chomwe mwalonjeza, mwachitsanzo khumi, lililonse lolembedwa 1/10, 2/10 ndi siginecha yanu ya pensulo, ndipo akatha musasindikizenso ngakhale wina atabwera ndi ndalama zambiri. Wogula chithunzi sagula ufulu wochisindikiza pa makalendala kapena malaya, pokhapokha mutagwirizana polemba. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limakutetezani, ndipo bungwe la COSOMA ndi komwe mungafunse za ufulu wanu. Inunso musatole zithunzi za eni pa intaneti n'kuziphatikiza mu ntchito yanu, jambulani mitambo yanu, mbalame zanu ndi phiri lanu. Maukwati musawasiye msanga, ndi omwe adzalipire mapepala ndi ulusi zaka zoyambirira.

Chithunzi chikatha, chijambuleni pa mthunzi wowala chisanalowe m'galasi, kamera itayang'ana molunjika, ndipo mujambulenso pafupi kuti ulusi ndi dothi zioneke. Poika m'felemu siyani kampata pakati pa galasi ndi ulusi kuti zisakhudzane. Zosagulidwa zisungeni chogoneka pakati pa mapepala oyera, m'bokosi lotseka lomwe lili pamwamba, kutali ndi khoma, chifukwa nthawi ya dzinja chinyontho chimabweretsa nkhungu, mphemvu zimanyambita guluu, ndipo chiswe chikapeza katoni yogundana ndi njerwa chimalowa usiku umodzi.