Musanagule throttle body ya mpikisano, onani izi kaye

Anyamata ambiri kuno ku Salima akufuna galimoto izilira ngati ya mpikisano, ndiye yambani ndi kuona chomwe muli nacho. Tsegulani boneti, tsatirani paipi yochokera ku air filter mpaka pomwe yalowera mu injini. Mukapeza throttle body (chipangizo chowongolera mpweya wolowa mu injini) imodzi yokha yokhala ndi kachitseko kamodzi kozungulira mkati, imeneyo ndi ya pamsewu, mpweya wa masilinda onse umadutsa pomwepo ndipo injini imalira mwakachetechete olo mwaima pa Kamuzu Road kudikira munthu.

Za mpikisano silinda iliyonse imakhala ndi kachitseko kakekake pafupi ndi ma valve, ukangoponda pang'ono injini yayankha kale. Injini ya Toyota 4A-GE ya ma valve 20 inkabwera nazo zinayi kuchokera kufakitale. Koma zimafuna makaniko wodziwa kuzilinganiza kuti zizitseguka mofanana, ECU (kompyuta ya injini) nayo ichunidwe, apo ayi idle (kulira kwa injini musanaponde) imangodumphadumpha.

Chomwe ndimalimbikira kwambiri ndi filter, ma trumpet (timapaipi tolowetsa mpweya pa throttle body za mpikisano) osaphimba musayerekeze abale, fumbi la kuno mu Okutobala limalowa molunjika n'kudya ma ring a ma piston. Ngati galimoto ndi yoyendera tsiku lililonse, ingosamalani throttle body yomwe muli nayo: zimitsani injini, masulani paipi ija, mupukute kachitseko kanuko ndi kansalu ndi throttle cleaner mpaka mwaye wakuda utachoka.