Momwe mungaphwetsere mimba osasiyiratu mowa

Kuno ku Salima munthu ukatulutsa mimba amayamba kukutchula kuti bigi, ndipo dzinali limakoma mpaka tsiku limene anamwino akuyeza BP n'kukuyang'ana kawiri. Malangizo ake timawadziwa tonse: chepetsani thupi, siyani mowa. Loyambalo timapita nalo kunyumba, lachiwirilo limatsala pageti la chipatala. Kusiyiratu ndiye njira yachangu, palibe wotsutsa. Koma ndalembera anzanga amene akudziwa okha kuti Lachisanu likafika, ndi kutentha kwa Okutobala kuno, adzapezeka pamalo paja. Mimba imatheka kuphwa mukumwabe, kungoti pang'onopang'ono.

Yambani ndi kudziyeza. Bwerekani tepi kwa telala, muyeze m'mimba podutsa pamchombo, m'mawa musanadye, osakoka mpweya. Muyezo wabwino suyenera kupitirira theka la kutalika kwanu: ngati ndinu wa masentimita 170, m'mimba musapose 85. Sikelo za anyamata a m'mbali mwa msewu nazonso zimathandiza, koma muzikwera ya munthu mmodzi yemweyo. Iliyonse ili ndi chilungamo chake, ina imakupatsani makilo awiri aulere.

Kenako dziwani zimene zili m'botolo. Makalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya kapena chakumwa chimapereka m'thupi. Galamu imodzi ya mowa weniweni ili ndi makalori 7, pamene shuga ali ndi 4, mafuta 9. Botolo la 330ml la mowa wa 5% limakhala ndi makalori pafupifupi 140. Mabotolo asanu ndi 700, chakudya chathunthu chimenecho, koma simukhuta nacho. Mukamatero Lachisanu ndi Loweruka mwezi wonse, mwamwa makalori 5,600, pamene kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi pafupifupi 7,700. China chimene ambiri sadziwa n'chakuti thupi silisunga mowa. Ukangolowa, chiwindi chimaika pambali ntchito yowotcha mafuta n'kuyamba kulimbana nawo, ndiye chilichonse chimene mwadya nthawi imeneyo chimadikira pamzere.

Tsopano dulani nambala musanachoke pakhomo: masiku awiri pasabata, mabotolo awiri kapena atatu patsiku, osasunga a Lachisanu kuti mudzawaphatikize Loweruka. Tengani ndalama yokwanira mabotolo amenewo ndi kabaza wobwerera basi. Masiku ano mabala ambiri amalandira za pafoni, choncho ya mu Airtel Money kapena Mpamba muisamutse kaye, mwina muwasungitse mayi akunyumba. Ndipo tulukani mu laundi. Patebulo la anthu asanu, laundi ikazungulira kamodzi mwamwa kale asanu, ndipo simungathawe musanabweze yanu. Nenani mukungokhala pansi: "Achimwene, lero ndidzigulira ndekha." Adzakunenani kuti mwayamba kuumira. Zimatha zimenezo, makamaka poti ndi mitengo ya masiku anoyi nawonso laundi ikuwapweteka, amangosowa woyamba kunena.

Gawo la chakudya ndiye limene ndikufuna mulimvetse, chifukwa ine linandibwezera m'mbuyo nthawi yaitali. Masamu aja nditawamva, ndinaganiza zosinthanitsa: tsiku lomwa ndisadye nsima ya masana, makalori akewo apite ku mowa. Papepala zimaoneka zanzeru. Koma mowa wofikira m'mimba mopanda kanthu umathamangira m'magazi, botolo lachiwiri limagwira ngati lachinayi, ndipo nambala ija munadula kunyumba imaiwalika. Ikamakwana 9 koloko njala imabwera yolusa, ndipo pakhomo pa bala pali chiwaya. Mnyamata akuvundula tchipisi m'mafuta amene ada kale, pambali pali zidutswa za mbuzi, kamulu ka mchere wosakaniza ndi tsabola, kabichi wongokongoletsa. Umati ndilaweko za pang'ono, kenako umamva pakamwa pako pakuti "onjezera, ndi ya mafutayo." Ukafika kunyumba umavundukulanso mbale imene anakusungira, mitanda itatu yozizira, n'kugona. M'mawa matsire amafuna zawo: mandasi, zakumwa zotsekemera, supu wa mang'ina. Nsima imodzi imene ndinkaidumpha masana inkabwera ndi abale ake usiku.

Chimene chinasintha zinthu ndi kudya ndisanapite. Cha m'ma 5 koloko idyani chakudya chenicheni: mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka, ndiwo zamasamba zambiri, ndi nsomba kapena nyemba. Ife a kunyanja tili ndi mwayi umene a ku Lilongwe amaulipira modula. Usipa wofutsa, utaka, mcheni wowotcha pamakala, zonsezi zimakhalitsa m'mimba ndipo sizifuna mafuta. Muwauze kunyumba kuti asakusungireni nsima ya usiku, chifukwa ikakhalapo mudzaidya. Ku bala njala ikavuta, itanitsani nsomba yowotcha kapena dzira lowiritsa, osati zokazinga. Mtedza ndi wabwino, koma kapepala kamodzi. Uli ndi mafuta ambiri ndipo mchere wake umaitana botolo lina.

Pakati pa botolo ndi botolo imwani madzi. Kuno theka la chimene timachitcha chilakolako cha mowa ndi ludzu chabe, munthu watuluka thukuta tsiku lonse. Botolo loyamba la madzi limwedwe mowa usanatsekulidwe.

Za mtundu wa mowa anthu amakangana kwambiri, koma kusiyana kwake n'kochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwake. Onani pa lebulo: peresenti ikatsika, makalori amatsikanso, bola botolo lisakule. Chibuku ndi masese ndi chakudya ndithu, muli ufa wa chimanga, ndipo paketi ya lita imodzi ndi mabotolo atatu aang'ono. Amene amati "ine ndamwa awiri okha" awerengenso. Ena amathawira ku jini kapena burande poti mulibe ufa. N'zoona, koma mukasakaniza ndi botolo la Coca-Cola la 300ml mwathiramo masupuni aang'ono a shuga pafupifupi 8, ndipo toniki nayenso ali ndi shuga. Timabotolo totchipa tosadziwika kumene tachokera, komanso kachasu, amawondetsadi munthu, koma kuwonda kwake ndi kwa chiwindi chimene chikutha.

Chenjeraninso ndi tiyi wophwetsa mimba amene akutsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook, wa zithunzi ziwiri za munthu wonenepa ndi wowonda. Wambiri amangotsekula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa madzi achoka, mafuta ali pomwepo, ndipo mukawonjezera mowa ndi dzuwa la kuno mutha kugwa. Ndalama yakeyo gulani nsomba.

Kuyenda n'kofunika, aliyense amadziwa. Ola limodzi loyenda mwandawala limawotcha pafupifupi mabotolo awiri, ndiye musamati ndayenda dzulo, lero ndiwonjezere. Nyamukani dzuwa lisanatuluke, mutsate msewu wa ku Senga Bay n'kubwerera, ndipo maulendo aafupi musiye kukwera kabaza. Tiyi wa m'mawa chepetsani shuga. Thobwa la shuga muliwerengere ngati chakudya. Muzigona nthawi yabwino.

Awa okha asatsatire zanga, akaonane kaye ndi adokotala: amene ali pa mankhwala a shuga, chifukwa mowa ungatsitse shuga mwadzidzidzi usiku, amene ali ndi vuto la chiwindi kapena zilonda za m'mimba, ndi amene amamwa tsiku lililonse mpaka manja kunjenjemera m'mawa, poti kudula mwadzidzidzi kungawadzetsere khunyu. Amayi oyembekezera asaukhudze n'komwe.

Tepi ija muziyeza kamodzi pamwezi. Lamba akayamba kusuntha bowo, konzekani mafunso, chifukwa kwathu kuno munthu sawonda popanda anthu kunong'onezana. Ena adzakufunsani pamaso kuti, "Bigi, muli bwinobwino koma?" Ayankheni kuti ndi BP, amasiya msanga.