Mukapeza mbalame zakufa kugombe la nyanja, chitani izi

Choyamba musagwire, basi. Ndikudziwa chisoni chimabwera ukaona mbalame ili pamchenga khosi litapotoka, mutu ukunjenjemera, ikungozungulira pamodzimodzi ngati yaledzera, uyandikire bwanji iyo osathawa, mtima umati ndiinyamule ndikaimwetse madzi. Ayi ndithu. Zimenezo ndi zizindikiro za chimfine cha mbalame chija amati H5N1, kachilombo kake kamalowa mpaka mu ubongo, ndiye ikafika pamenepo manja anu palibe chomwe angaithandize, mungotengapo matenda.

Imani chapatali mutulutse foni mujambule. Werengani zakufa zingati, zodwala zingati, mulembe malo enieni. Mukaona kamphete ka nambala pamwendo jambulaninso koma osaitembenuza ndi phazi. Kenako imbirani a zaziweto kapena oyang'anira nyama zakutchire m'dera limenelo, osangoponya zithunzi pa Facebook nkumati ntchito yatha, komanso osaganiza kuti wina wanena kale, poti aliyense amaganiza chomwecho mpaka sabata kutha.

Mwina mukuti mbalame zitatu zokha phokoso la chani. Nkhani ndi yoti mbalame za kunyanja yamchere zimaswana mothithikana, chisa apa chisa apa, zitosi paliponse, kusamba madzi amodzi, ndiye kachilombo kakalowa kamasesa. Pa Bass Rock ku Scotland, kachilumba komwe pankakhala mbalame zikuluzikulu zoyera zotchedwa gannet pafupifupi 150,000 matendawa asanafike, mu 2022 mwala womwe umaoneka mbuu ndi mbalame unayamba kuoneka mipata mipata chifukwa cha kufa kwa mbalamezo. Ndipo gannet si nkhuku yoti ifungatire mazira khumi, imaikira dzira limodzi pachaka, kuyamba kuswana mpaka itakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu, ndiye ikafa yaikulu imodzi kubwezeretsa kwake ndi zaka. Chodabwitsa, zina zomwe zinapulumuka maso ake anasanduka akuda bii pomwe mwachibadwa amakhala a buluu wotuwirako.

Mitembo ndiyo imafalitsanso kwambiri. Mbalame zina za kunyanja yamchere zotchedwa skua zimadya zinzake zakufa nkuuluka nako kachilomboko, ndipo ndi mwa izo momwe matendawa anapezeka koyamba ku South Georgia, chilumba cha kumwera kwa nyanja ya Atlantic, mu Okutobala 2023, kenako ku Antarctica mu Febuluwale 2024. Nchifukwa chake galu wanu akhale pachingwe, asanunkhize kapena kutola nthenga. Nyama zoyamwitsa nazo zimadwala, ku Peru ma sea lion, nyama za kunyanja yamchere, anafa zikwizikwi mu 2023, amphaka nawo amafa nako.

Nsapato musaiwale, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kachilomboka kamakhala nthawi yaitali m'zitosi ndi m'madzi ozizira, mukaponda mumapita nako kunyumba. Palani matope onse kaye, tsukani ndi sopo, kenako mankhwala ophera tizilombo ngati klorini, chifukwa mankhwala pamwamba pa matope sagwira ntchito. Ngati mumaweta nkhuku kapena abakha musalowe m'khola ndi zovala zomwe munali nazo kugombe, sinthani kaye ndi kusamba m'manja.

Kuchotsa mitembo asiyireni eni ntchito. Koma akakuuzani kuti muchotse nokha, mwina yafera pakhomo panu, valani magolovesi ndi masiki, ilowetseni m'jumbo osaikhudza, mangani, muikenso m'jumbo ina pamodzi ndi magolovesi aja, ndipo kotayira afunseni iwowo poti malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Zoti mwina ndiiwotche ndidye, kapena kutola mazira pamalo pomwe mbalame zikufa, zimenezo ndiye iwalani.

Ngati munaigwira kale musanadziwe, musachite mantha kwambiri, anthu satenga chimfinechi kawirikawiri, koma chikagwira munthu chimatha kuvuta zedi. Dziyang'anireni masiku 10. Thupi likatentha, kutsokomola, pakhosi kuwawa kapena maso kufiira ndi kuyabwa, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala pomwepo kuti munagwira mbalame yakufa tsiku lakutilakuti, musadikire kuti akufunseni.