Momwe mungafufuzire mbiri ya wofuna upulezidenti musanamupatse voti

Chisankho chikayandikira kuno ku Zambia, nkhani za m'minibasi ya ku Chawama, pamsika wa Soweto ndi m'magulu a WhatsApp zimafanana. Uje sanaphunzire. Uje bambo ake anachokera ku Malawi. Uje anagonapo m'ndende. Zambiri mwa nkhanizi mungathe kuzitsimikizira kapena kuzitaya nokha, bola mukhale ndi foni, bandulo ndi mtima wodekha. Chofunika ndi kusasakaniza mafunso awiri: ngati lamulo likumulola munthuyo kuima, ndiponso ngati zimene wachita m'moyo wake zikusonyeza kuti ntchitoyo angaithe. Laisensi ya ku RTSA imalola munthu kugwira chiwongolero, koma sinena momwe adzayendetsere basi yodzaza anthu pamapiri a ku Manenekela. Funso loyamba amayankha ndi a bungwe la zisankho ndi makhoti. Lachiwiri ndi lanu.

1. Yambani ndi Gawo 100

Tsegulani malamulo oyendetsera dziko monga anakonzedwera mu 2016, pa webusaiti ya Nyumba ya Malamulo kapena ya ZambiaLII yosunga malamulo ndi zigamulo za makhoti, mupeze Gawo 100. Ndi lalifupi. Limati wofuna upulezidenti akhale nzika ya Zambia mobadwa kapena kudzera mwa kholo, wokhala m'dziko muno, wa zaka zosachepera 35, wolembetsa kuvota, wa sitifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo, wodziwa bwino Chingelezi, wolipira misonkho kapena wogwirizana ndi a ZRA, otolera misonkho, za kalipiridwe kake. Aulule chuma chake ndi ngongole zake, alipire ndalama yolembetsera, ndipo abweretse ovota 100 omuvomereza kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 10. Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa tizipani ta m'chikwama, pakuti kupeza anthu 100 ku Muchinga ndi enanso 100 ku North-Western kumafuna chipani chokhala ndi mizu. Ngakhale zili choncho, mu 2021 anthu 16 anakwanitsa kulowa pa pepala lovotera.

Gawo lomwelo limatchulanso oletsedwa: wogwira ntchito ya boma amene sanatule pansi udindo, woweruza milandu, wokhala ndi unzika wa mayiko awiri, amene khoti linamulengeza kuti walephera kubweza ngongole ndipo sanamasulidwe, amene akugwira ukaidi, ndi amene m'zaka 5 zapitazo anagwira ukaidi wa zaka 3 kapena kuposerapo. Onani kuti nzika wamba ikuloledwa kukhala ndi mapasipoti awiri kuyambira 2016, koma wofuna mpando wa ku State House ayi.

Mukawerenga, muona kuti mtundu, chipembedzo, ukwati, digiri ndi kulemera mulibemo.

2. Za sitifiketi, musachedwepo

Pali mabungwe awiri otchedwa ECZ, ndipo anthu amasokoneza. Loona za mavoti ndi Electoral Commission of Zambia. Lotsimikizira sitifiketi ya Giredi 12 ndi Examinations Council of Zambia, pomwe mapepala ochokera kunja amapita ku ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro. Mu 2021, pa mlandu wokhudza phungu wa ku Lundazi, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, la ConCourt, linagamula kuti mapepala a ku koleji kapena a ntchito zamanja salowa m'malo mwa Giredi 12. Choncho wina akakuonetsani chithunzi atavala mkanjo ndi chipewa cha digiri yaulemu, sichikuyankha funso la lamulo. Maganizo oti pulezidenti azikhala ndi digiri anakambidwa kwambiri cha m'ma 2010, ambiri nkumati akulinga a Michael Sata, koma sanalowe m'malamulo.

3. Nkhani ya "si wa kuno" muziikayikira poyamba

Apa ndiye pofunika kukhalitsa, chifukwa palibe mphekesera imene yavulaza ndale zathu ngati iyi, ndipo ife olankhula Chinyanja imatikhudza kawirikawiri popeza abale athu ali mbali zonse za malire a Mwami.

Mu 1996 boma la MMD linasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi nzika za Zambia mobadwa kapena kudzera mwa makolo awo. Aliyense ankadziwa amene akumufuna. A Kenneth Kaunda anabadwira ku Lubwa, ku Chinsali, mu 1924, koma makolo awo anachokera ku Nyasaland, kumene lero ndi Malawi. Munthu amene analamulira dziko zaka 27 anapezeka kuti sangaime, ndipo chipani chawo cha UNIP chinanyanyala chisankho cha chaka chimenecho. Chaona mnzako chapita: chisankho chitangotha, otsutsa anatengera pulezidenti wa MMD yemweyo, a Frederick Chiluba, kukhoti pa lamulo lomwelo, akuti bambo awo sanali a kuno. Mlanduwu, umene anausuma a Lewanika ndi anzawo, unatenga nthawi yaitali, mboni zikukangana za mudzi ndi chipatala chimene mwana anabadwira zaka 50 m'mbuyomo, mpaka Supreme Court inautaya mu 1998. Mu 1999 High Court ku Ndola inafika ponena kuti a Kaunda alibe dziko, chigamulo chimene sichinakhalitse. A Rupiah Banda, obadwira ku Gwanda m'dziko la Zimbabwe kumene makolo awo anapita kukagwira ntchito, anakumana ndi nyimbo yomweyo mu 2011. A Guy Scott, obadwira ku Livingstone kwa makolo ochokera kunja, anagwirizira upulezidenti a Sata atamwalira mu Okutobala 2014, koma za kuima pachisankho cha Januwale 2015 panali lamulo la makolo lija.

Malamulo a 2016 anachotsa mfundo ya makolo awiriyo. Lero funso ndi la munthu mwini: kodi ndi nzika mobadwa kapena kudzera mwa kholo, ndipo kodi ali ndi unzika wina? Ndiye uthenga ukakufikani wonena za agogo a munthu, chitani zitatu. Funsani ngati zimene akunenazo zili mu Gawo 100. Funsani amene wayambitsa nkhaniyo, ndi chifukwa chake yatulukira mwezi uno osati zaka zonse zimene munthuyo anali nduna kapena phungu. Kenaka funsani ngati pali amene wapita nayo kukhoti, chifukwa wokhala ndi umboni weniweni sauthera pa Facebook.

Za mtundu ndi chimodzimodzi. "Wako ni wako" imamveka yokoma pamaliro ndi paukwati, koma mtengo wa unga, wa feteleza ndi maola amene magetsi amazima safunsa dzina la mfumu yanu.

4. Milandu: siyanitsani kumangidwa, kuimbidwa mlandu ndi kupezeka wolakwa

M'dziko muno kugona m'chitokosi pakokha sikunena zambiri. A Kaunda anatsekeredwa ndi atsamunda mu 1959. A Chiluba anatsekeredwa ndi boma la a Kaunda mu 1981 ali mtsogoleri wa ZCTU, mgwirizano wa mabungwe a antchito. A Kaunda anamangidwanso pa Khirisimasi ya 1997 ndi boma la a Chiluba. A Hakainde Hichilema anamangidwa mu Epulo 2017 pa mlandu woukira boma pambuyo pa mkangano wa mndandanda wa magalimoto ku Mongu, nakhala m'ndende miyezi inayi, ina ku Mukobeko, boma nkuusiya mlanduwo usanazengedwe.

Choncho lembani dzina la munthuyo pa ZambiaLII muone ngati pali chigamulo. Chikapezeka, pitani kumasamba omaliza kumene woweruza amanena zimene wapeza, ndipo fufuzani ngati panali apilo. Onaninso mtundu wa mlandu. Mlandu wochita msonkhano popanda kudziwitsa apolisi ndi wosiyana kutali ndi mlandu wodya ndalama za mankhwala. Nthawi zina makhoti amasiyana: mu 2007 khoti la ku London, pa mlandu wofuna kubweza chuma cha boma, linapeza kuti a Chiluba ndi anzawo anapatutsa ndalama zokwana madola pafupifupi 46 miliyoni, koma mu 2009 khoti la ku Lusaka linawamasula pa mlandu wakuba. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo wokuuzani chimodzi chokha akukubisirani chinacho. Mukamva kuti a ACC olimbana ndi katangale kapena a DEC olimbana ndi mankhwala osokoneza bongo ndi ndalama zachinyengo aitana munthu kukamufunsa, dziwani kuti kufunsidwa si chigamulo, komanso kusaitanidwa si umboni wa kuyera, makamaka kwa amene ali kumbali ya boma.

5. Tsatirani kumene anagwirapo mphamvu ndi ndalama za ena

Apa ndi pamene pali yankho lenileni, ndipo ndi pamene ambirife timachita ulesi. Mapulezidenti athu anachokera kosiyanasiyana: a Kaunda anali mphunzitsi, a Chiluba mtsogoleri wa antchito, a Levy Mwanawasa ndi a Edgar Lungu maloya, a Banda kazembe, a Sata anakhalapo wapolisi, wogwira ntchito za njanji ndi bwanamkubwa wa Lusaka, a Hichilema munthu wamalonda amene anali asanakhalepo phungu kapena nduna. Maloya awiriwo anthu amawakumbukira mosiyana kwambiri. Dzina la ntchito silikuuzani kanthu. Chofunika ndi zimene munthu anachita ali pampandopo.

Ngati anali phungu, mawu onse amene analankhula m'Nyumba ya Malamulo analembedwa ndipo ali pa webusaiti ya nyumbayo. Sankhani nkhani imodzi imene imakupwetekani, kaya ngongole za dziko, kaya malipiro a opuma pantchito, muone zimene ananena ali kotsutsa ndi zimene ananena ali m'boma. Kenaka pitani kudera lake, kapena imbirani mbale wanu wa kumeneko. Ndalama za CDF, zachitukuko cha dera la phungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndiye phungu wa zaka zino sangadandaule ngati wakale. Mjigo ulipo? Chipinda cha amayi oyembekezera chinatha, kapena chinaima pamawindo?

Ngati anali nduna, tengani lipoti la Auditor General, wofufuza momwe ndalama za boma zagwirira ntchito, la zaka zimene anali pa undunawo. Malipotiwa amatuluka chaka ndi chaka ndipo amatchula ndalama zosowa malisiti, katundu wolipiridwa koma osafika, ndi makontrakitala othawa ntchito. Chenjezo limodzi: woyankha za ndalama za unduna pamaso pa komiti ya aphungu ndi mlembi wamkulu, osati nduna. Komabe vuto lomwelo likabwerera zaka zitatu nduna ili yomweyo, muli ndi ufulu wofunsa kuti inali kuti.

Ngati ndi wamalonda, ku PACRA, kolembetsa makampani, mungalipire kandalama kochepa nkuona eni kampani ndi oiyendetsa. Yerekezani ndi zimene iye amanena za chuma chake. Funso langa pa anthu amalonda ndi lakuti makasitomala awo anali ndani. Kulemera pogulitsa kwa anthu pamsika wopikisana ndi luso lina, kulemera ndi makontrakiti a boma ndi luso linanso. Ndipo antchito ake akale, amene mungawapeze mosavuta mu Lusaka muno, adzakuuzani ngati malipiro ankabwera pa nthawi yake ndiponso ngati ndalama za penshoni za NAPSA zinkaperekedwa.

Ngati ndi m'busa kapena mkulu wa bungwe, funsani ngati mpingo kapena bungwelo limawerengera anthu ake za ndalama, ndiponso ngati pali wina amene anamutsutsapo nakhalabe pamalo pake.

Pa onsewa onjezani funso la momwe anachokera. A Mwanawasa anatula pansi udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti mu 1994 akudandaula za katangale, ndipo atalowa mu 2002 ndi mavoti osafika pa 30 peresenti, anapempha Nyumba ya Malamulo ndipo inachotsa chitetezo chosazengedwa mlandu cha a Chiluba, amene anawasankha kuti awalowe m'malo. Zimene anachita mu 1994 zinali chizindikiro kwa amene ankayang'ana. Onaninso chipani chake chomwe. Chinachita liti msonkhano waukulu wosankha atsogoleri? Anapikisana ndi wina, kapena onse ofuna kupikisana naye anachotsedwa? Makada ake akamenya anthu pa siteshoni ya basi, amadzudzula kapena amayang'ana kumbali? Munthu amene sapirira kutsutsidwa ndi anthu 30 a m'komiti yake sadzasintha mukamupatsa apolisi ndi asilikali.

6. Musaiwale dzina lachiwiri pa pepalalo

A Mwanawasa anamwalira ali pampando mu 2008, a Sata mu 2014, ndipo nthawi zonse ziwiri tinabwerera kukavota. Kuyambira 2016 sizilinso choncho: pulezidenti akamwalira kapena kuchoka, amene anaima naye ngati wachiwiri amalumbira nkumaliza nthawi yotsalayo popanda chisankho. Zonse mwachita pamwambapa, chitaninso pa iye. Kwa amene anakhalapo kale pulezidenti, malire ndi maulendo awiri, ndipo momwe amawerengera munthu wolowa pakatikati zavutitsa makhoti: ConCourt inalola a Lungu kuima mu 2021, koma mu Disembala 2024 inagamula kuti sangaimenso.

7. Mukapeza choletsa chenicheni

Ngati zimene mwapeza ndi za khalidwe kapena kulephera ntchito, malo ake ndi m'kachipinda kovotera, Lachinayi lachiwiri la Ogasiti, komanso pokambirana ndi anzanu muli ndi tsamba la lipoti m'manja. Ngati ndi chimodzi mwa zoletsa za mu Gawo 100, monga pasipoti yachiwiri kapena sitifiketi yachinyengo, nthawi ndi yochepa. Gawo 52 limapereka masiku 7 okha kuchokera pamene kulembetsa kwatsekedwa kuti munthu akatsutse kukhoti, ndipo za upulezidenti zimapita ku ConCourt. Sungani pepala lenilenilo, osati chithunzi chotumizidwa kambirimbiri, lembani kumene mwalitenga ndi tsiku lake, ndipo kaonaneni ndi loya kulembetsa kusanayambe. Musalifalitse musanatsimikize, chifukwa likapezeka labodza, woimbidwa mlandu woipitsa mbiri ya munthu mudzakhala inu.