Momwe mungaphunzitsire alendo zaulimi m'munda wanu wa maluwa

"Ndiye maluwawa mumadya?" Aliyense wolima maluwa kuno kwathu analimvapo funso limeneli, kaya kwa apongozi kaya kwa munthu wongodutsa. Musakwiye nalo, wofunsayo ndiye mlendo amene mukumufuna. Ku Thyolo, esiteti ya Satemwa imalandira anthu odzaona ulimi wa tiyi mpaka kumulawa, ndipo amalipira. Mlimi wa maluwa wa ku Zomba, ku Dedza kapena ku Bvumbwe angathe kuchita zomwezo, ngakhale munda wake utakhala wa theka la ekala.

Yambani ndi kanjira. Musanaitane aliyense, lambulani njira imodzi yochokera pa dzenje la manyowa, kudzera ku nazale ndi m'mabedi, kukathera pamthunzi pomwe mumamangira maluwa ogulitsa. Mlendo akaitsata, aona moyo wonse wa duwa mwandondomeko. M'mbali mwa mabedi mangani chingwe. Ine ndinanyozera zimenezi ulendo woyamba, ndipo ana asukulu atangoona gulugufe, bedi lonse la mbande linasanduka bwalo la mpira. Polowera ikani thumba lonyowetsedwa ndi mankhwala ophera tizilombo kuti aliyense apondepo, chifukwa matenda a mbewu amayenda ndi dothi la kunsapato. Mankhwala opopera atsekereni m'nyumba, ndipo musalandire anthu tsiku lomwe mwapopera. Chimbudzi chaukhondo ndi madzi osamba m'manja zisasowe.

Alendo afike m'mawa, maluwa asanafote ndi dzuwa komanso njuchi zili pakalikiliki.

Tsopano phunziro lenilenilo. Musayambire pa rozi, yambirani pa chiluwe. Dzalani maungu pang'ono pafupi ndi polowera, ndipo alendo akafika, thyolani maluwa awiri muwafunse kusiyana kwake. Lina lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, limenelo ndi lalikazi. Lina langokhala pa kaphesi kowonda, ndilo lalimuna. Amayi ambiri amadziwa kale kuti pothyola ndiwo lalikazi salikhudza, koma mwana wokulira m'tauni amangoti kukamwa yasa. Apo ndiye mufotokoze kuti njuchi ikapanda kunyamula mungu kuchoka ku duwa lina kupita ku linzake, kadzunguko kamachita chikasu n'kugwa. Funso lija loti maluwa mumadya layankhidwa pomwepo, inu osakweza mawu.

Kuchoka apo apititseni pa maluwa otchedwa marigold. Zulani phata la tomato lodwala muwaonetse mizu yotupatupa ngati mikanda, ntchito ya tinyongolotsi tosaoneka ndi maso ta m'nthaka. Marigold akadzalidwa mosinthana ndi tomato amachepetsa tinyongolotsi timeneti. Mlimi wa kudimba akagwira muzu umenewo ndi dzanja lake, sadzaiwala. Ngati pagulupo pali okonda chikande, auzeni kuti timizu take ndi ta maluwa akutchire a mtundu wa orchid, omwe ku Nyika aliko mitundu yoposa 200, ndipo kukumba mosasamala kukuwatha.

Musalankhule nthawi yaitali. Anthu sanabwerere ulaliki. Apatseni ntchito. Aliyense adzaze chubu chake ndi dothi losakaniza ndi manyowa ndi mchenga, adule kanthambi ka rozi kunsi kwa mfundo, achotse masamba am'munsi, abzale, athirire ndi kheni. Chubucho apite nacho kwawo. Mtengo wake muuphatikize pa ndalama yolowera.

Akuluakulu amafunanso kumva za ndalama, ndiye musawabisire. Aonetseni momwe mumawerengera masabata chobwerera m'mbuyo kuti maluwa adzamasule pa 14 February, tsiku la Valentine, kapena pa 15 October, Tsiku la Anakubala, komanso m'chilimwe pomwe maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka. Mutha kutchula kuti ku Kenya, m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, rozi amakwera ndege kupita kumsika wa Aalsmeer ku Netherlands. Koma muwauzenso za zidebe za maluwa zomwe munataya wogula atasintha maganizo. Mlendo womva zokoma zokhazokha amakayamba ulimiwu mwaphuma, kenako amadzakutukwanani.

Nanga alendowo achokera kuti? Pitani nokha kwa aphunzitsi aakulu a sukulu zapafupi, popeza ana amaphunzira zaulimi kuyambira ku pulayimale ndipo ambiri amangoziona pa bolodi. Lankhulaninso ndi alangizi a zaulimi, magulu a amayi a kumpingo ndi a banki m'khonde. Zithunzi muziika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Gulu lisapitirire anthu 15 pa wowaperekeza mmodzi, kupanda kutero akumbuyo amangojambulana. Ana asukulu muwatsitsire mtengo, ndipo magulu alipiriretu kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti musaphike tiyi wa anthu amene sabwera.

Potsanzikana lembani nambala ya mtsogoleri wa gululo. Pakatha mwezi muimbireni, mumufunse ngati tinthambi tija taphuka. Akati tauma, funsitsani pomwe anatiika. Kawirikawiri mupeza kuti anatisiya padzuwa.